Mlandu usanafike poweruza: ndani alowe, ndani adikire panja, ndipo mboni itetezedwe bwanji

Munthu akamangidwa kuno ku Mecanhelas, nyumba ziwiri zimasowa tulo. Kwa womangidwayo, abale amafuna kuona zonse ndi maso awo: akumufunsa zotani, wamuneneza ndani, atuluka liti. Kwa mboni, makolo amafuna kuti dzina la mwana wawo lisamveke n'komwe, chifukwa munthu amene anamuona akukusa ng'ombe za eni usiku, kapena akukokera kamtsikana m'munda wa chimanga, si mlendo. Amatunga naye pa mjigo umodzi, mwinanso ndi mlamu. Nyumba zonse ziwiri zili ndi chifukwa chomveka, ndipo malamulo a dziko la Mozambique anaziganizira zonse. Chimene anachita ndi kugawa nthawi. Pali nyengo imene mlandu umayenda mwachinsinsi, ndipo pali tsiku limene chinsinsicho chimatha, chitseko n'kutseguka. Ambiri amene amalira pa milandu ya upandu amalira chifukwa sanadziwe kuti malire a nyengo ziwirizi ali pati.

Kusokonezeka kwina kumabwera ndi malo amene tikukhala. Boma lathu, limene pa kalembera wa 2017 linali ndi anthu pafupifupi 300,000, latsamira nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Timamvera wailesi za ku Malawi, timadutsa pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi, tili ndi azakhali ndi amalume ku Machinga ndi ku Zomba. Kutsidyako munthu akamangidwa amakaonekera kwa majisitireti m'khoti lotsegula, ndipo pempho la belo limamveka abale atakhala kumbuyo, mtolankhani akulemba. Ndiye wina akafika pa khoti la ku Insaca, likulu la boma lathu, n'kuuzidwa kuti adikire panja pamene m'bale wake akufunsidwa, amangoti apa pali katangale. Sikuti nthawi zonse ndi katangale. Milandu yathu imatsata njira ina, yochokera ku malamulo a Chipwitikizi, ndipo m'njira imeneyi zochitika mlandu usanafike poweruza zimachitika chitseko chili chotseka.

Mmene mlandu umayendera

Buku la malamulo oyendetsera milandu ya upandu limene likugwira ntchito panopa linakhazikitsidwa mu 2019, n'kuyamba kutsatidwa kumapeto kwa 2020, m'malo mwa la atsamunda la 1929. Limagawa mlandu patatu.

Poyamba pali kufufuza, kumene pakhoti amati instrução. Mwini ntchitoyi ndi procurador, woimira Boma pa milandu, ndipo amathandizidwa ndi apolisi ofufuza a SERNIC, amene analowa m'malo mwa PIC mu 2017. Apa ndi pamene mboni zimaitanidwa imodziimodzi, zonena zawo n'kulembedwa, katundu wogwidwa n'kusungidwa, achipatala n'kupereka lipoti la wovulala. Akamaliza, procurador amalemba chikalata choimba munthu mlandu, acusação, kapena amatseka nkhaniyo ngati umboni ndi woperewera.

Gawo lachiwiri silichitika pa mlandu uliwonse. Woimbidwa mlandu akaona kuti akumusemera chinyau, kapena wolakwiridwa akaona kuti procurador watseka nkhani yosayenera kutsekedwa, angapemphe kudzera mwa loya kuti woweruza aunike kaye ngati pali chifukwa chokwanira chozengera mlanduwo. Imeneyi ndiyo audiência preliminar. Masiku opemphera ndi ochepa kuchokera pamene mwalandira kalata, choncho musadikire kuti mumalize kaye kumweta mpunga. Gawo lachitatu ndi kuzenga mlandu kwenikweni. Milandu yambiri imathera ku Insaca konkuno, koma yoopsa kwambiri, monga yakupha munthu mwadala, imakwera kupita ku khoti la chigawo cha Niassa, limene likulu lake ndi Lichinga.

Malire aja ali apa. Mlandu umakhala wapoyera kuyambira pamene woweruza walemba chigamulo chakuti munthuyu akazengedwe, kapena, ngati gawo lachiwiri silinachitike, pamene walemba tsiku lozenga mlanduwo. Zisanafike pamenepo, zonse zili pansi pa chinsinsi cha mlandu, segredo de justiça.

Chinsinsichi chimamanga aliyense amene wakhudza mlanduwo: wapolisi, mlembi wa pakhoti, loya, womasulira, wodandaula, mboni, ngakhale mtolankhani amene pepala la m'fayilo lamugwera m'manja. Simungalowe kukamvera kumene simunaitanidwe, ndipo simungafalitse zimene zanenedwa kapena kulembedwa m'katimo. Kuulula ndi mlandu paokha. Lamulo la 2014 lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za Boma nalonso silifika pamenepa.

Kuti mumvetse phindu lake, taganizirani msodzi wa ku Chiuta amene waona anyamata anayi akuba maukonde. Apolisi agwira mmodzi, atatu akadali panja. Zimene msodziyo wanena Lolemba zikamveka padooko madzulo omwewo, pofika Lachiwiri atatu aja awoloka pa bwato kupita ku Malawi, maukonde agulitsidwa, ndipo bwato la msodzi lapezeka loboola. Mlandu wafa, mboni yaluza. Chinsinsi chimatetezanso wogwidwa uja. Si onse ofufuzidwa amene amaimbidwa mlandu, koma dzina likangoipa pamudzi silichapika, ndipo tonse tikudziwa kuti gulu likakwiya silidikira woweruza. Mpaka khoti litagamula, malamulo aakulu a dziko amamuona munthuyo ngati wosalakwa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi choimika oganiziridwa pamaso pa makamera, unyolo uli m'manja, kafukufuku asanathe. Amene amasunga chinsinsi polankhula ndi amayi a womangidwa ayenera kuchisunganso polankhula ndi kanema.

Zimene chinsinsi sichibisa

Apa ndi pamene anthu ambiri amaponderezedwa, chifukwa mawu akuti segredo de justiça amatha kugwiritsidwa ntchito pothamangitsa munthu amene wafunsa funso loyenera kuyankhidwa. Chinsinsi chimaphimba zolembedwa m'fayilo. Sichiphimba munthu.

Womangidwa ayenera kuuzidwa nthawi yomweyo, m'chilankhulo chimene amamva, chifukwa chimene wamangidwira ndi ufulu umene ali nawo. Ayenera kuonekera kwa woweruza pasanathe maola 48. Pakufunsidwa koyambaku abale saloledwa kulowa, koma munthuyo sakhala yekha: pamakhala woweruza, procurador, mlembi ndi womuteteza. Ngati banja lilibe ndalama za loya, bungwe la Boma la IPAJ, limene lilipo kuyambira 1994, limapereka womuteteza kwaulere. Womutetezayo ali ndi ufulu wolankhula naye paokha ngakhale ali m'chitokosi. Iye ndiye maso anu m'chipinda chimene simungalowemo, choncho m'malo mokangana ndi mlonda pakhomo, funsani kuti womuteteza ndi ndani ndipo mumupeza kuti.

Woweruza akalamula kuti munthu asungidwe m'ndende podikira mlandu, malamulo aakulu a dziko amati chigamulocho chidziwitsidwe msanga kwa m'bale kapena munthu wodalirika amene womangidwayo watchula. Ndipo ndi woweruza yekha amene angalamule zimenezi. Mu 2013 Conselho Constitucional, imene imaweruza nkhani za malamulo aakulu a dziko, itamva pempho limene Liga dos Direitos Humanos inatsogolera, inagamula kuti wapolisi kapena procurador alibe mphamvu zolamula kuti munthu atsekeredwe podikira mlandu ngati sanagwidwe akuchita upanduwo. Choncho maola 48 akadutsa m'bale wanu asanaone woweruza, kapena mukauzidwa kuti palibe angakuuzeni kumene ali, chimenecho si chinsinsi cha mlandu, ndi kuphwanya lamulo. Kadandauleni kwa procurador. Palinso pempho la habeas corpus, lopita ku khoti, limene liyenera kuyankhidwa pasanathe masiku 8.

Chinanso: ndalama ya belo, caução, amalamula ndi woweruza, imaperekedwa mwa njira ya khoti, ndipo pamakhala lisiti. Wina akakukokerani kuseri kwa nyumba n'kukuuzani kuti popeza mlandu ndi wachinsinsi mumupatse iye ndalamazo, dziwani kuti akukuberani.

Chitseko chikatseguka

Tsiku lozenga mlandu likafika, zinthu zimatembenuka. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati milandu ya upandu izengedwe poyera. Simufunika kukhala m'bale wa wina aliyense kuti mulowe n'kukhala pa benchi. Izi kwa ife si zachilendo: pabwalo la mfumu nkhani imakambidwa aliyense akumva, kuti mawa wina asadzanene kuti anaweruzidwa kuseri. Woweruza amene akudziwa kuti anthu akumuona amasamala mawu ake, ndipo mboni imene ikudziwa kuti a m'mudzi akumva imaganiza kawiri isananame.

Dziko lathu linaona phindu la zimenezi pa milandu iwiri ikuluikulu. Mtolankhani Carlos Cardoso ataphedwa ku Maputo pa 22 November 2000, mlandu wa omupha unazengedwa kuyambira kumapeto kwa 2002 mpaka January 2003 pamaso pa woweruza Augusto Paulino, wailesi ndi kanema zikuulutsa, ndipo anthu anadzimvera okha maina amene kale ankangonong'onezana. Wina ndi wa ngongole zobisika za madola oposa 2 biliyoni. Mlanduwu ukusonyeza bwino nyengo ziwiri zija. Mu 2017, kafukufuku akadali m'kati, ofesi ya Procurador wamkulu inatulutsa chidule chokha cha lipoti la kampani ya Kroll lofufuza ngongolezo, maina a anthu atabisidwa. Anthu anadandaula, ndipo kudikirako kunatalika kuposa mmene kunayenera. Koma kuzenga kutayamba pa 23 August 2021, m'tenti pa ndende ya Machava, pamaso pa woweruza Efigénio Baptista, oimbidwa mlandu 19 anaonekera dziko lonse likuonera, ndipo mtsogoleri wakale Armando Guebuza anabwera kudzayankha mafunso. Mu December 2022 anthu 11 anapezeka olakwa. Chinsinsi n'chovomerezeka chifukwa chili ndi pothera. Chikapanda pothera chimasanduka malo obisalira anthu amphamvu.

Ngakhale pozenga mlandu, woweruza angatulutse anthu kapena kuchepetsa olowa, koma pa zifukwa zowerengeka: kuteteza zam'kati mwa moyo wa munthu kapena wa banja, kusunga ulemu, kapena pamene pali chiopsezo chenicheni pa chitetezo cha m'khoti ndi bata la anthu. Manyazi a munthu wolemera kapena waudindo si chimodzi mwa zifukwazi. Ndipo ngakhale umboni utamvedwa chitseko chili chotseka, chigamulo chimawerengedwa poyera.

Kwa inu amene mwaitanidwa ngati mboni

Chinthu chimene mboni zambiri siziuzidwa momveka ndi ichi: chinsinsi cha kafukufuku sichikubisani mpaka kalekale. Procurador akalemba chikalata choimba mlandu, amatchulamo umboni wake ndi mboni zake, ndipo woimbidwa mlanduyo ndi womuteteza amachilandira. Tsiku lozenga, mudzaima pamaso pake. Choncho ngati muli ndi mantha, nthawi yonena ndi tsiku loyamba limene mukufunsidwa, dzina lanu lisanayende m'mapepala.

Lamulo loteteza mboni lilipo. Linakhazikitsidwa mu August 2012, ndipo limateteza olakwiridwa, oulula upandu, mboni ndi akatswiri, pamodzi ndi abale awo, ngati moyo, thupi, ufulu kapena katundu wawo zili pachiopsezo chifukwa chothandiza pa mlandu umene chilango chake chimaposa zaka ziwiri za ndende. Limalola kuti dzina la mboni libisidwe, kuti nkhope isaonekere kapena mawu asinthidwe, kuti mboni ilankhule ili kwina kudzera pa kanema, kapena kuti umboni utengedwe msanga pamaso pa woweruza n'kusungidwa. Kunja kwa khoti limalola kulonderedwa ndi apolisi, kunyamulidwa pa galimoto ya Boma, kudikirira m'chipinda chapadera, ndipo zikavuta kwambiri, kusamutsidwa. Mungapemphe nokha, ndipo procurador kapena woweruza angalamule ngakhale musanapemphe.

Ndinene mosabisa kuti lamuloli ndi lamphamvu pa pepala kuposa pansi. Linalamula kuti pakhale ofesi yapadera, Gabinete Central de Protecção à Vítima, koma mabungwe ngati Centro de Integridade Pública akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ofesiyi inachedwa kuyamba ntchito. Zipangizo zosinthira mawu si zopezeka paliponse. Komanso m'mudzi wa nyumba zowerengeka, kubisa dzina sikubisa munthu: mboni ikangoti ndinali kudimba kwanga m'mawa umenewo, aliyense wadziwa kale kuti ndi ndani. Komabe zimenezi si chifukwa chokhalira chete. Zambiri zimene zimateteza mboni kuno n'zazing'ono, zosafuna ndalama, ndipo zimatheka munthu akapempha.

Taonani mmene kalata yoitanira mboni imayendera. Imachoka pakhoti kapena ku polisi, koma kumudzi kulibe manambala a nyumba, ndiye imasiyidwa kwa secretário wa m'dera kapena kwa mfumu, régulo. Iwo amatuma mnyamata pa njinga. Mnyamata akupeza mayi woitanidwayo ali kumunda, n'kusiya pepalalo kwa apongozi. Madzulo mayiyo, poti Chipwitikizi sawerenga, akupita nalo kwa mwana wa sukulu wa nyumba yoyandikana, amene akuliwerenga mokweza pakhonde, dzina la womangidwa ndi tsiku lopita ku Insaca zonse zikumveka. Palibe amene anafuna kuchita choipa, koma pofika m'mawa mudzi wonse wadziwa. Tsiku laulendo, mboni ndi abale a womangidwa akukwera galimoto imodzi, n'kukakhalanso pa khonde limodzi la khoti kuyambira m'mawa mpaka masana. Pakhonde pamenepo ndi pamene umboni wambiri umafera, ndi mawu ochepa chabe onenedwa chapansipansi: “Mlamu, kumbukirani kuti tibwerera kumudzi komweko.”

Ndiye pemphani zinthu izi poyambirira. Uzani wofufuza kapena procurador kuti akafuna kukuitanani akuimbireni foni, kapena kalata ifike m'manja mwanu osadzera kwa wina. Pemphani kuti mudikirire malo ena osati pamodzi ndi abale a woimbidwa mlandu. Ngati womasulira amene abweretsedwa ndi wa m'mudzi mwanu kapena ndi wachibale wa mbali inayo, nenani musanayambe kulankhula. Milandu imayenda m'Chipwitikizi, ndipo amene amalankhula Chinyanja, Chimakuwa kapena Chiyao ali ndi ufulu wa womasulira popanda kulipira. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanakuwerengereni m'chilankhulo chanu. Pamene palembedwa zimene simunanene, auzeni akonze.

Wina akakuopsezani, kaya ndi mawu, uthenga wa pa foni, kapena nkhuku yoperekedwa kuti muiwale zimene munaona, kaneneni tsiku lomwelo ndipo musafufute uthengawo. Kuopseza mboni kumasintha zinthu pa mlandu. Posankha ngati munthu adikire mlandu ali kunyumba kapena m'ndende, woweruza amayang'ana ngati angathawe, ngati angapitirize upandu, ndiponso ngati angasokoneze umboni. Angamuletse kuyandikira kapena kulankhula ndi anthu ena, ndipo akaphwanya lamulolo angabwezedwe m'ndende. Koma woweruza sangadziwe zimene zikuchitika kumudzi ngati palibe wamuuza.

Udindo nawonso ulipo. Mukaitanidwa muyenera kupita. Kujomba popanda chifukwa kumabweretsa chindapusa, ndipo apolisi angabwere kudzakutengani. Mukadwala kapena msewu ukaduka nthawi ya mvula, tumizani uthenga msanga. Kunama mutalumbira ndi mlandu. Simukakamizidwa kuyankha funso limene yankho lake lingakuikeni inuyo pa mlandu, ndipo makolo, ana, abale a bere limodzi, mkazi kapena mwamuna wa woimbidwa mlandu angakane kuchitira umboni womutsutsa. Mukabwerera kumudzi kafukufuku akadali m'kati, zimene munafunsidwa ndi zimene munayankha zisakhale nkhani ya pabawo kapena pamtondo.

Kutsina khutu apolisi osatchula dzina n'kotheka, ndipo kungayambitse kafukufuku. Koma munthu samangidwa zaka ndi mphekesera yopanda mwini. Pamapeto pake pamafunika umboni umene ungayesedwe.

Chifukwa chimene woimbidwa mlandu ayenera kudziwa womuneneza

Ena amafunsa kuti bwanji maina a mboni zonse asangobisidwa, nkhani n'kutha. Yankho lili m'midzi mwathu momwemu. Tikudziwa milandu imene imabadwa pa mkangano wa malire a munda, pa nsanje ya mitala, pa ngongole ya fodya, pa kunenezana ufiti. Munthu amene akuimbidwa mlandu wotentha nkhokwe angadziteteze bwanji ngati sakudziwa kuti womuneneza ndi yemwe anakangana naye za dimba chaka chatha? Ufulu wodziteteza ndi umodzi mwa maufulu amene malamulo aakulu a dziko amati sangaphwanyidwe, ndipo kufunsa mboni mafunso ndi mbali ya ufuluwo. Choncho kubisa dzina si chinthu choperekedwa kwa aliyense wopempha. Pamafunika chiopsezo chenicheni, ndipo ngakhale zitatero womuteteza ayenera kupatsidwa mpata wotsutsa zimene zanenedwa.

Milandu ya kuphedwa kwa anthu achialubino, imene inakula kumpoto kwa dziko lino ndi ku Malawi cha m'ma 2015, imaonetsa kulemera kwa mbali zonse ziwiri. Kutsidya ku Machinga, mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino amene anaphedwa mu 2018, unatha mu 2022 anthu 12 atapezeka olakwa, mwa iwo muli m'bale wake weniweni, wansembe ndi wapolisi. Pa mlandu wotere mboni imaopa a m'nyumba mwake momwe, ndipo imafunika chitetezo chonse chimene lamulo lingapereke. Koma ukanazengedwa mobisa, ndani akanakhulupirira chigamulo chake?

Ana, ndi milandu yogwiririra

Pamenepa ndiye sikelo imalemera kwambiri kumbali ya chinsinsi, ndipo m'pake. Mtsikana amene wagwiriridwa sayenera kufotokoza zimene zinachitika pathupi pake pamaso pa khamu. Woweruza ali ndi mphamvu yotulutsa anthu pa milandu yotere, ndipo makolo kapena womuimira apemphe zimenezi mlandu usanayambe. Apemphenso kuti mwanayo afunsidwe kamodzi mosamala, ali ndi munthu wamkulu amene amamukhulupirira, m'malo momubwereza nkhani yomweyo pa ofesi iliyonse. Ku polisi kuli gawo lolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Funsani gawo limeneli, musafotokozere nkhaniyo pa kauntala pamene pali mzere wa anthu.

Kawirikawiri chinsinsi cha mwana chimatayika asanafike n'komwe ku polisi. Amalume, monga mwini mbumba, amaitanitsa mabanja awiri, mtsikanayo n'kukhazikidwa pakati, akuluakulu akumufunsa zonse, oyandikana nawo akumvera kuseri kwa mpanda. Pamapeto pake agwirizana mbuzi kapena ukwati. Izi zimapweteka mwana kawiri, ndipo n'zosemphana ndi lamulo. Makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa mu 1992, ndi oyanjanitsa anthu pa timilandu ting'onoting'ono. Kugwiririra si ntchito yawo. Lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana limati wamkulu wotenga mwana wosafika zaka 18 kukhala mkazi kapena mwamuna wake alangidwe zaka 8 mpaka 12 m'ndende, ndipo limalanganso makolo ndi atsogoleri ovomereza ukwatiwo. Milandu imeneyi, pamodzi ndi ya nkhanza za m'banja pansi pa lamulo la 2009, ndi ya Boma: ikafika kwa procurador, banja silingaithetse mwa kungogwirizana. Mphunzitsi, namwino kapena mnansi amene waulula ndi mmodzi mwa anthu amene lamulo la 2012 linalembedwera.

Mafoni ndi wailesi

Masiku ano chinsinsi cha mlandu chimaphwanyidwa kwambiri ndi foni ya m'manja. Chithunzi cha pepala la ku polisi chikalowa pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la amalonda, sichibwereranso. Musajambule kapena kutumiza zikalata za mlandu umene ukufufuzidwa, ndipo chikakupezani musachipititse patsogolo. Musaike pa Facebook nkhope kapena dzina la mwana wogwiriridwa, ngakhale cholinga chanu chili chomumvera chisoni. Kutchula sukulu yake, kalasi yake ndi dzina la amayi ake n'chimodzimodzi kumutchula. M'khoti, ngakhale tsiku la poyera, kujambula zithunzi kapena mawu kumafuna chilolezo cha woweruza.

Atolankhani a wailesi za m'madera ali ndi ufulu wonena kuti upandu wachitika, kuti wina wamangidwa, ndiponso wofunsa chifukwa chimene mlandu ukuchedwera. Mafunso amenewa ndi ofunika, ndipo woyankha asabisale kumbuyo kwa chinsinsi pa zinthu zimene si zachinsinsi, monga tsiku lozenga mlandu kapena chigamulo chimene chawerengedwa kale. Pozenga mlandu angakhalemo n'kufotokoza zimene amva. Zimene ayenera kusiya ndi zonena za mboni pa nthawi ya kafukufuku, ndi chilichonse cholozera kumene mboni yoopsezedwa ikugona.

Ngati wapolisi kapena wogwira ntchito pakhoti ndi amene waulula dzina lanu, kadandauleni kwa procurador wa boma, ndipo dandaulolo lilembedwe, inu mutenge umboni wakuti lalandiridwa. Likapanda kuyankhidwa, pali ofesi ya procurador wa chigawo ku Lichinga, Provedor de Justiça, ndi Comissão Nacional dos Direitos Humanos.

Inu a régulo, a secretário, amalume ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kalata ya mboni ikadzera m'manja mwanu iperekeni kwa mwini wake nokha, ili yopinda. Inu amene m'bale wanu wamangidwa, werengani maola 48 ndipo funsani za womuteteza wa IPAJ. Inu amene munaona zimene zinachitika, pitani mukanene, ndipo mantha anu muwatchule tsiku loyamba lomwelo kuti alembedwe pamodzi ndi umboni wanu. Pa nkhani yokhudza mwana, nambala ya Linha Fala Criança ndi 116, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.